Mwamaliza koleji, mukufuna kanyumba ka lendi: werengerani izi musanapereke dipoziti

Gauni mwabweza, zithunzi za giladuweshoni zayenda pa WhatsApp mpaka anthu atopa nazo, kantchito kapezeka kaya ndi intenishipu, ndiye panopa mtima uli dyokodyoko kufuna kuchoka kwa amalume komwe mwakhala mukugona pabalaza nkumadikira aliyense amalize kuonera TV kuti muyale. Si maganizo oipa, munthu wamkulu amafunika khomo lakelake. Koma nyumba musaisankhe ndi digiri, isankheni ndi ndalama yomwe imalowa mu akaunti mwezi ukatha, chifukwa alandilodi alibe nazo ntchito zoti munakhoza bwanji ku Chanco kaya ku Poly (tinazolowera kutchula choncho ngakhale kuyambira 2021 ndi UNIMA ndi MUBAS), iwo chomwe amadziwa ndi pa 1 basi.

Ndalama yeniyeni ndi iti

Yomwe yalembedwa mu kalata ya ntchito ija simudzaigwira yonse. Ikati K500,000, imeneyo ndi ya papepala, MRA imayamba yatapapo PAYE, msonkho wa pa salale, kenako pamachokanso ya penshoni. Tiyerekeze ndi mlingo wa msonkho womwe unayamba mu Epulo 2024: K150,000 yoyamba inalibe msonkho, kuchokera pamenepo mpaka K500,000 amadula 25 peresenti, ndiye pa K350,000 yotsalayo msonkho ndi K87,500. Penshoni lamulo limati wantchito azichotsa 5 peresenti, bwana aziikapo 10, ndiye kwa inuyo yapitanso K25,000. M'manja mwatsala K387,500 ndipo apa sitinachotse sikimu ya chipatala kaya welofeya ya pa ofesi. Milingo ya msonkhoyi imasintha ndi bajeti ya boma, choncho pitani kwa a akaunti kuntchito kwanu mukafunse opanda manyazi kuti "bwana, zonse zikachotsedwa ineyo ndizilandira zingati?" Nambala yomwe akuuzeniyo ndi imene muyendere posaka nyumba.

Ndipo dikirani kaye salale yoyamba ilowe. Malo ambiri, ngakhale m'boma momwe, dzina limachedwa kulowa pa peyirolo, munthu kugwira miyezi akungouzidwa kuti zili m'kati, ndiye ngati munathamangira kusaina lendi mukhala mukubisala alandilodi musanagule ngakhale supuni. Pirirani pabalaza paja mwezi wina umodzi kapena iwiri, muzigulako shuga ndi buledi kuti azakhali asamakuyang'aneni ndi diso lofiira, uku mukusunga ya dipoziti.

Amene munaphunzira ndi ngongole ya Loans Board, musaiwale kuti inali ngongole, sinali mphatso. Amapereka zaka ziwiri mukamaliza sukulu kenako imayenera kuyamba kubwezedwa, ndipo akhoza kudzera kwa abwana anu kuti azidula pa salale. Zaka ziwiri zimatha ngati masewera. Muiike m'mutu panopa kuti nyumba yomwe mukuikwanitsa movutikira lero, tsiku lomwe adzayambe kudula simudzaikwanitsanso.

Kuona kwanga, lendi payokha isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama ya m'manja, ikakhala kota ndiye bho kwambiri. Pa chitsanzo chathu chija ndiye kuti nyumba ya pakati pa K100,000 ndi K130,000. Mukaona kuti pa ndalama imeneyo mukungopeza chipinda chimodzi cha pamdadada, tengani chipinda chimodzicho, palibe anafa chifukwa choyambira pamdadada.

Thiransipoti ndi lendi yachiwiri

Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Nyumba yotchipa yakutali ndi yodula kuposa mmene ikuonekera. Tengani foni muwerengere: tinene kuti minibasi ndi K2,000 ulendo umodzi, kupita ndi kubwera K4,000, masiku 22 ogwira ntchito ndi K88,000 pamwezi. Ngati mukukwera ziwiri, tinene mukukhala ku Likuni kapena Area 36 ntchito ili ku Kanengo kotero mumatsika kaye m'tauni nkukweranso ina, yafika K176,000, yaposa lendi imene ija. Ndiye onjezani kabaza wochokera pa siteji kukafika kunyumba tsiku lomwe mwaweruka mochedwa kapena kwagwa mvula, komanso masiku omwe mafuta asowa, mizere ili pa filing'i siteshoni paliponse, kondakitala nkungokweza mtengo mmene wafunira.

Ndiye sakani nyumba pa msewu wa minibasi imodzi yokafika kuntchito. Wogwira ntchito ku Kanengo ayang'ane Area 25 ndi madera oyandikira, wa ku Old Town ayang'ane Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Falls. Ku Blantyre wa ku Ginnery Corner kapena Queens akapeza ku Chitawira, Naperi, Zingwangwa kaya Nkolokosa akhoza kumayenda wapansi masiku ena, wa ku Limbe aone Kanjedza ndi Bangwe, wa m'tauni aone Ndirande, Chilomoni, Mbayani. Ku Mzuzu zinthu zili pafupipafupi, Chibavi, Chiputula, Katawa, Luwinga, koma kumeneko funsani za matope ndi chinyontho chifukwa mvula yake imachedwa kuchoka. Nyumba yokwererako ndi K30,000 koma yoti mumafika kuntchito wapansi ndi yotchipa kuposa ya kutali yomwe mwaikonda chifukwa cha matailosi.

Za nyumba za Malawi Housing Corporation, zilipo ndithu ku Area 18, Nkolokosa, Kanjedza ndi kwina, ndipo lendi yake imakhala yabwinoko, koma anthu ofuna ndi ochuluka kuposa nyumbazo. Lembetsani ngati mukufuna koma musaimitse moyo kudikira zimenezo.

Ma ejenti

Nyumba zabwino zambiri sizifika pa Facebook, zimatha ndi pakamwa. Uzani anzanu a kuntchito, a kutchalitchi kaya kumzikiti, amayi ogulitsa tomato pa kamsika ka dera lomwe mukulifuna, ometa tsitsi, a pa okala. Loweruka lina valani nsapato zoyendera muzungulire derolo nokha mukufunsa, anthu amadziwa kuti uje akusamuka kumapeto kwa mwezi.

Mukadzera kwa ejenti, gwirizanani zonse musananyamuke. Ambiri amafuna kaye ya kuonetsa nyumba, ena akufunanso komishoni mukalowa, ndiye funsani poyambirira kuti ya kuonetsayo ndi ya nyumba zingati ndipo komishoni ndi zingati, akulipira ndani, inu kapena eni nyumba. Alipo ena ntchito yawo ndi kudya ya kuonetsa yokhayo, amakuzunguzani dzuwa lili pamutu kukuonetsani nyumba zoti mwina zinatengedwa kale, nkumati "aaa bwana mwachedwa pang'ono, koma pali ina ku Gulliver." Ndipo lamulo ili musaliphwanye ngakhale zithunzi zikongole bwanji: musatumize ndalama pa Airtel Money kaya Mpamba kwa munthu yemwe akuti "tumizani ndikusungireni, anthu akuilimbirana." Lendi ndi dipoziti zimaperekedwa kwa mwini nyumba, mutalowa m'katimo, mutaona kuti kiyi akutsekuladi chitseko, komanso mutafunsa aneba kuti kodi bambo awa kaya mayi awa ndi eni akedi. Zimachitika kuti munthu amene akusamuka amadzipanga landilodi nkulandira madipoziti kwa anthu angapo, tsiku losamuka mathiraki nkukumana pa geti.

Poona nyumba

Osangoima pakhomo nkumati ili bho. Lowani, ndipo yang'anani kumwamba kaye. Madontho achikasu kapena akuda pa siling'i ndiye kuti denga limadontha, ngati mulibe siling'i tsekani chitseko masana muone ngati malata akulowetsa kuwala m'timabowo. Yang'anani m'munsi mwa makoma, penti ikamatukuka kapena kukhala ndi mzere ngati madzi anafikapo, nyumbayo imakoka chinyontho ndipo zovala ndi satifiketi yanu zidzachita nkhungu. Penti yatsopano yopakidwa m'munsi mokha ikhale yokukayikitsani. Gogodani mafelemu a zitseko mumve ngati chiswe sichinadye m'kati. Tsekulani mpopi uliwonse, gwetsani madzi ku toileti, yesani soketi iliyonse ndi tchaja yanu, onani ngati mawindo ali ndi zitsulo zotchinga akuba. Imbani foni muli kuchipinda chogona, pali nyumba zina netiweki imathera pakhonde.

Mukatha apo tulukani mukacheze ndi aneba alandilodi kulibe. Funso ndi lophweka: "Amayi, madzi kuno amatuluka masiku angati pa sabata? Nanga amene anatuluka muno anachokeranji?" Mayankho a mafunso awiri amenewa ndi ofunika kuposa zonse zomwe ejenti wakuuzani. Ku Blantyre madzi ambiri amachokera ku Walker's Ferry pa Shire ndipo amachita kupopedwa kukwera mtunda wonse uja, ndiye madera okwera ndi omwe amayamba kuuma magetsi akavuta kapena paipi ikaphulika, pali malo ena madzi amabwera 2 koloko usiku nkumadzuka kukatunga. Ngati ndi pamdadada funsani kuti chimbudzi ndi bafa mukugawana mabanja angati, amakolopa mosinthana bwanji, m'mawa mzere umakhala wotani, poti inu 7:30 mukufunika kuntchito.

Onaninso pomwe nyumbayo yakhala. Tonse tikukumbuka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 mmene matope ndi miyala zinatsikira kuchokera m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Lilongwe anthu a m'mbali mwa Lingadzi ku Mtandire amadziwa zomwe mtsinje uja umachita ukakwiya. Nyumba ya m'khwawa, ya m'dambo kapena yotsamira phiri imatchipa pa chifukwa. Mukaiona mu Ogasiti kuli fumbi imaoneka yabwinobwino, ndiye funsani kuti mu Januwale msewu wake umadutsika bwanji. Ngati mungathe pitaninso madzulo cha m'ma 7 muone mdima wake, phokoso la bala yapafupi ndi anyamata omwe amakhala pa kona. Asisi makamaka, njira yochokera pa siteji kukafika pa geti muiyende usiku muli ndi mnzanu musanavomere, ndipo nyumba yoti alandilodi aamuna ayamba kale nthabwala zosakhala bwino tsiku loona nyumba, isiyeni.

Mita ya magetsi ndi madzi

Nkhondo zambiri za pa lendi zimayambira apa. Chabwino koposa ndi nyumba yokhala ndi mita yakeyake ya ESCOM, mumagula mayunitsi anu, akatha mukudziwa kuti mwamaliza ndinu. Mita yogawana ndi mutu wopweteka: inu mumachoka 6 m'mawa kubwera 6 madzulo, muli ndi babu awiri ndi tchaja, pomwe aneba ali ndi fuliji, ayironi, hotipuleti yophikira nyemba tsiku lonse, koma posonkha akuti tigawane mofanana. Ngati simungachitire mwina, gwirizanani polowa kuti aliyense azipereka zingati potengera zida zomwe ali nazo, tsiku losonkha ndi liti, ndipo wogula mayunitsi azitumiza meseji ya tokeni pa gulu kuti aliyense aone kuti ndalama yonse yagula magetsi.

Madzi funsani bilu yomaliza muione ndi maso. Ngati ndi mita yolipira mwezi ukatha, amene anatuluka akhoza kusiya ngongole, a Water Board pobwera kudzadula safunsa kuti anamwa madziwo ndani. Jambulani nambala yomwe mita ikuwerenga tsiku lolowa, alandilodi ali pompo. Palinso tindalama tina tomwe palibe amakuuzani poyamba, ya achitetezo oyendera usiku m'dera, ya otaya zinyalala, ya mlonda wa pa geti ngati muli mumpanda. Funsani zonse muziphatikize ku lendi.

Lembani pansi

Eni nyumba ambiri amafuna miyezi itatu yoyambirira, ena kuphatikizapo dipoziti ya mwezi umodzi, ndiye nyumba ya K120,000 ikufuna K480,000 tsiku loyamba, osawerengera ejenti ndi galimoto yosamutsa. Nenererani. Mawu aulemu amatsitsa zinthu kuposa mmene mukuganizira: "Bambo, ine ndangoyamba kumene ntchito, ndipereke miyezi iwiri panopa, kuyambira apo ndizipereka pa 28 paliponse salale ikangolowa." Ambiri amavomera akaona kalata ya ntchito, chifukwa nawonso amafuna munthu wa salale osati wovutitsa.

Ngakhale alandilodi akhale mayi a mvano omwe akukutchulani kuti mwana wanga, lembani pangano. Sipafunika loya, pepala limodzi lokwana: lendi ndi zingati, imaperekedwa pa chani, dipoziti ndi zingati ndipo idzabwezedwa bwanji, notisi ndi ya nthawi yaitali bwanji mbali zonse ziwiri, lendi ingakwere pakapita nthawi yotani ndipo adzakuuzani kutatsala miyezi ingati, chikaonongeka chachikulu ngati denga, paipi kapena thanki ya chimbudzi akonza ndani. Musaine nonse, pakhale mboni, aliyense atenge kope yake ndipo yanuyo muijambulenso pa foni. Nkhani ya kukwera kwa lendi ndiyofunika zedi masiku ano, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi iliyonse zikatere eni nyumba amakweza pomwe salale yanu ili pomwe paja. Mukalemba kuti lendi siikwera chaka chisanathe, mwadzitchinjiriza.

Mukakonza chinthu ndi ndalama yanu poganiza kuti mudzachotsera pa lendi, yambani mwagwirizana pa meseji, apo ayi adzakuuzani kuti munakonza mwa kufuna kwanu. Lipirani kudzera ku banki kapena pa foni kuti pakhale umboni, mukapereka pamanja pakhale kabuku kosainirana. Ndipo tsiku lolowa, musanalowetse katundu, jambulani vidiyo nyumba yonse, galasi losweka, khoma long'aluka, chogwirira chitseko chothyoka, muwatumizire pa WhatsApp tsiku lomwelo. Sinthani loko wa chitseko chakunja, simukudziwa kuti makiyi akale ali ndi anthu angati.

Malamulo a pakhomo afunseninso. Pali mipanda ina geti amakhoma 9 koloko, ina alendo ogona saloledwa, ina kuchapa Lamulungu ndi mlandu. Kukhala mpanda umodzi ndi eni nyumba kuli ndi ubwino wake, chitetezo chimakhalapo ndipo chikaonongeka amachiona msanga, koma dziwani kuti adzadziwa nthawi yomwe mumabwera, amene mwabwera naye ndi zomwe mwaphika.

Kugawana nyumba ndi mnzanu wa ku koleji kumathandiza kwambiri chaka choyamba, bola mukambirane za ndalama musanalowe: dzina la ndani lili pa pangano, wina akachedwa kupereka zikhala bwanji, chakudya mukuphatikiza kapena aliyense zake, chibwenzi chikabwera chimakhala masiku angati chisanayambe kuwerengedwa pa bilu ya madzi. Zikumveka zoseketsa koma maubwenzi a zaka zinayi za ku hostel amathera pa nkhani ya mafuta ophikira.

Katundu

Gulani matiresi abwino, neti ya udzudzu, makatani, ndowa ziwiri ndi chigubu chosungira madzi, mapoto awiri, mbale zochepa, chophikira, babu wotchaja wa nthawi yomwe magetsi azima. Basi. Matiresi gulani atsopano, ogula kwa munthu amabwera ndi nsikidzi ndipo kuzichotsa ndi ntchito ina. Bedi ndi tebulo zidikire, mukadzakonzeka pitani kwa akalipentala ku Mchesi kaya ku Ndirande mukapangitse, koma musapereke ndalama yonse katundu asanathe. Makatani ndi zofunda za pa kaunjika zilibe vuto mukazichapa bwino. Sofa, TV yaikulu ndi fuliji ya pangongole ndi zomwe zimamiza anthu chaka choyamba, chifukwa munthu umafuna anzako akabwera aone kuti zikuyenda. Anzanuwo akhale pa mpando wa pulasitiki, amene akuseka akagule yake.

Pa zophikira, musadalire magetsi okha. Gasi poyamba amaoneka wodula chifukwa cha silinda, koma kwa munthu mmodzi amakhalitsa ndipo m'mawa mumaphika tiyi mwachangu. Mbaula ikhalepo ya nyemba ndi tsiku lomwe zonse zavuta, koma osailowetsa m'chipinda chotseka nthawi yozizira kuti muothe, utsi wa makala umapha munthu ali mtulo.

Mwezi uziyenda bwanji

Tsiku lomwe salale yalowa, lomwelo, musanapite kokamwa kamodzi ndi anzanu, tumizani lendi. Kenako gulani mayunitsi a mwezi wonse, lipirani madzi, gulani bandulo ya pamwezi osati ya tsiku ndi tsiku yomwe imadya mwakachetechete, patulani ya thiransipoti muiike pomwe simuikhudza, chotsani yosunga, ndiye mugule chakudya chokhalitsa: ufa, mpunga, nyemba, soya, mafuta, shuga, mchere, sopo, usipa kaya bonya wouma. Yotsalayo igaweni pa masabata anayi ndipo sabata iliyonse muzitapa yake yokha. Anthu ambiri amadya ngati nduna kuyambira pa 25 mpaka pa 5, kenako masiku 20 otsalawo nkumayenda ndi nkhope yachisoni kufunsa anzawo ngati ali ndi kena kake.

Chakudya cha masana ndi dzenje lina losaoneka. Tchipisi cha pa chiwaya ndi kankhuku ndi chakumwa tsiku lililonse, muwerengere masiku 22 muone, mupeza kuti ikanakwana kugula thumba la mpunga ndi zina. Phikani zambiri madzulo mutengereko m'kontena. Masamba ndi tomato gulani kumsika waukulu Loweruka, ku Lilongwe kwa Wakawaka kapena msika wa Lizulu, ku Blantyre ku Limbe, osati pa shopu ya magalasi. Ndipo ngati kumudzi kuli chimanga, kapena muli ndi kandalama nthawi yokolola cha m'ma Meyi ndi Juni pomwe mtengo uli pansi, gulani matumba awiri muthire mankhwala musunge, muzingopita kuchigayo. Mu Januwale ndi Febuluwale anzanu akamadandaula mtengo wa ufa inu mudzakhala phee.

Kutapa ndalama pang'onopang'ono kwa ejenti wa pa foni nakonso kumadya, chifukwa ulendo uliwonse amadula. Tapani kamodzi ya sabata yonse, ndipo pomwe amalola kulipira ndi foni kapena khadi, lipirani choncho. Mwezi woyamba lembani chilichonse chomwe mwagula, ngakhale mandasi, mu kabuku kapena pa foni. Mwezi umodzi wokha ndi wokwanira kuti muone komwe ndalama yanu imathawira.

Achibale

Iyi ndi nkhani yovuta kuposa zonse ndipo bajeti zambiri zimafera apa. Kumudzi amva kuti mwana wathu wayamba ntchito m'tauni, sakudziwa za PAYE, akungodziwa kuti munavala gauni. Ndipo kunena zoona ambiri mwa iwo anavutika nanu, wina anagulitsa mbuzi, wina anakusungani pa holide, ndiye kuthandiza ndi koyenera. Koma thandizo lopanda malire limakugwetsani nonse. Ikani ndalama yokhazikika pamwezi ndipo muwauze makolo poyera: "Amayi, mwezi uliwonse pa 28 ndizitumiza mwakuti, zoposa apo panopa sindingakwanitse, zikadzasintha ndidzanena." Poyamba zimawawa kunena, koma amayi amakonda ndalama yodziwika tsiku lobwera kuposa yambiri yobwera mwa apo ndi apo. Ena onse opempha muziwalozera komweko, kuti ya kunyumba ndatumiza kale kwa amayi.

Dziwaninso kalendala ya mavuto. Fizi ya azing'ono anu imafunika mu Seputembala, Januwale ndi Epulo, feteleza amafunika cha m'ma Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe, Disembala kuli maukwati ndi Khirisimasi, ndiye Januwale amabwera ndi lendi ndi fizi nthawi imodzi. Zimenezi si zadzidzidzi, zimabwera chaka chilichonse, muzipatula pang'ono mwezi ndi mwezi. Zadzidzidzi zenizeni ndi matenda ndi maliro.

Maukwati a anzanu a m'kalasi ayamba posachedwa, chinkhoswe, bridal shower, yunifolomu ya komiti, perekaniperekani. Simukuyenera kukhala mu komiti iliyonse. Sankhani a pamtima, enawo pitani mukavine ndi ndalama yomwe mwasinthitsa kale kukhala ing'onoing'ono, ikatha mukhale pansi. Nayenso msuweni yemwe akuti akubwera kudzafuna ntchito m'tauni kwa sabata imodzi, gwirizanani tsiku lobwerera asanakwere basi, chifukwa chipinda chimodzi chikakhala ndi anthu atatu alandilodi nawo amayamba kuwerenga mitu pa bilu ya madzi.

Ngongole ndi kusunga

Katapila musamuyandikire, chiwongoladzanja chake cha mwezi umodzi nthawi zambiri chimaposa chomwe banki imadula pa chaka, ndipo ena amakulandani khadi la ATM kuti salale ikalowa ayambe ndi iwo kutapa. Tingongole ta pa foni timathandiza tsiku la vuto lenileni koma tikazolowereka mumapezeka mwezi uliwonse mukuyamba ndi kubweza. Mabanki akangoona salale ikulowa adzakuimbirani okha kukupatsani loni, mawu okoma, koma funsani kuti pamodzi ndidzabweza zingati, osati pamwezi zingati. Ndipo musasainire mnzanu ngati mboni ya ngongole pokhapokha mwakonzeka kudzabweza inuyo. Za kubetcha mpira ndi kandege sindinena zambiri, ndalama ya lendi isapite kumeneko, amene amaposita kuti awina saposita masiku omwe aluza.

Kusunga yambani ndi ya mwezi umodzi wa lendi, muiike ku akaunti ina yopanda khadi komanso yosalumikizidwa ku foni, kenako muikulitse ifike miyezi itatu ya lendi ndi chakudya. Ntchito zoyamba zambiri ndi za kontirakiti, pulojekiti ikatha kapena opereka thandizo akasintha maganizo mumangolandira kalata, ndiye ndalama imeneyi ndi yomwe imakupatsani mpata wosaka ina musanabwerere pabalaza pa amalume. Yoposa apo isagone mu akaunti wamba, chifukwa mitengo ya zinthu ikamakwera ngati mmene inakwerera mu 2024, kupitirira 30 peresenti pa chaka, ndalama yongokhala imafooka. Lowani SACCO ya kuntchito ngati ilipo, amadula pa salale musanaione ndipo ngongole yake imakhala yopepukirako. Funsani ku banki yanu za ma treasury bill, komwe mumabwereketsa boma ndalama nkudzakubwezerani ndi chiwongoladzanja, alipo a masiku 91, 182 ndi 364, kapena za unit trust, thumba lomwe anthu ambiri amaikamo ndalama kuti akatswiri aziichulukitsa. Chipereganyu ndi banki m'khonde ndi zabwino pogulira katundu wamkulu ngati fuliji popanda ngongole, koma lowani gulu la anthu omwe mukudziwa komwe amagwira ntchito ndi komwe amagona, ndipo pewani gulu lomwe limakakamiza aliyense kubwereka. Aliyense wokuuzani kuti ikani K100,000 pakutha pa mwezi mulandire K200,000, mufunseni kuti nanga iyeyo akuvutikiranji kusaka anthu.

Potuluka

Tsiku lina mudzafuna kusamuka, mwina salale yakwera kapena mwatopa ndi mzere wa ku bafa. Perekani notisi yolemba molingana ndi pangano lija, ngakhale pa meseji, ndipo musunge. Ambiri amakonda kunena kuti dipoziti ikhale lendi ya mwezi womaliza, ngati eni nyumba avomera ndi njira yabwino chifukwa kulondola dipoziti mutatuluka kale ndi ntchito yotopetsa, mumangouzidwa kuti bwerani mawa. Akakana, itanani alandilodi muyendere limodzi nyumba katundu atatuluka, vidiyo ya tsiku lolowa ija ili m'manja, mugwirizane pompo chomwe akuchotsa ndi tsiku lomwe akupatseni yotsalayo. Lipirani bilu ya madzi yomaliza, jambulani mita, tsekani mabowo a misomali, sesani, ndipo makiyi muwapereke m'manja mwa eni ake osati kusiyira mwana wa aneba. Musapereke notisi musanasaine kwina, nyumba zolonjezedwa pakamwa zimatengedwa ndi amene wafika ndi ndalama poyamba.